Adowe a Pansi pa Msikidzi

Mukafika ku Malama n'kufunsa za Tabeth Mbao, sipalephera wina wokuyankhani kuti, "Aa, mayi uja anakweza nsomba pa njinga ngati wodwala wopita kuchipatala?" Akatero amaseka mpaka kugwira nthiti. Musiyeni aseke, mano ndi ake. Koma dziwani kuti wosekayo nkhani anaigwira kumchira. Mutu wake ndi uwu.

Tabeth anabadwira m'kamudzi koyang'anizana ndi dziwe lotchedwa pa Msikidzi, chifukwa cha chimtengo cha msikidzi chimene chinaweramira m'mbali mwake. Masiku amenewo linali dziwe ndithu, osati fumbi mukuliona leroli. Mvula ikagwa, mtsinje wa Luangwa unkadzaza n'kukankhira madzi m'kakhwawa mpaka kufika pa Msikidzi, ndipo madziwo sankabwera okha. Ankabwera ndi nsomba: mphende, milamba ndi tiana ta mcheni. Mvuu zinali ndi ngodya yawo, nsewula, nyama zonga nswala, zinkadya msipu m'mphepete, nkhwazi ili pansonga pa mtengo kulalata ngati mwini malo. Chilimwe chikalowa, madzi n'kuyamba kuphwa, aliyense ankaona msana wa njira. Nsomba zochenjera zinkabwerera kumtsinje, zopusa n'kugwera m'miono ya amayi ndi m'milomo ya mbalame. Wotsala anali mmodzi yekha: dowe.

Musaganize za dowe wa chimanga ayi. Uyu ndi nsomba, wamtali ngati mkono wa munthu wamkulu, woterera, wokhala ndi tizingwe tinayi pamene anzake ali ndi zipsepse, ndipo amapuma mpweya ngati mbuzi. Dowe sathawa chilala. Madzi akamatha amaboola matope, n'kudzipinda mchira kuphimba kumaso, n'kudzikuta ndi ntchofu yake mpaka iume ngati khoko la anyezi. Amangosiya kabowo kopumira. Pamwamba dothi ling'ambike, dzuwa liwotche mpaka abuluzi athawe, iye ali gone pansipo kudikira mvula.

Kumupeza ndi luso, ndipo kwawo kwa Tabeth lusolo linkayenda mwa akazi. Umalawirira, wopanda nsapato, maso pansi, kufunafuna kabowo kongolowa chala. Ukakapeza umagunda pansi ndi munsi, n'kugwada, khutu padothi. Ngati mwini nyumba alimo amang'ung'udza ngati mkulu wodzutsidwa kutulo ta masana. Pamenepo umakumba mozungulira, osati molunjika, mpaka utulutse chibuma chonse chosasweka. Chibumacho umakachisunga pouma, pansi pa nkhokwe, ngakhale miyezi. Tsiku lofuna ndiwo umangochithira madzi. Dothi limafewa, khoko limasungunuka, dowe n'kudzuka, ndipo akadzuka sagonanso. M'banjamo ankati msuzi wake ndi umene umatsitsa mkaka wa mayi woyamwitsa, ndiye mkazi akangoima, chibuma chake chinkapatulidwiratu.

Lamulo linali limodzi: adowe ogona pamthunzi wa msikidzi sakumbidwa. Amenewo ndi mbewu. Ndi amene amadzuka ndi mvula n'kudzazanso dziwe ndi ana. Tabeth ali kamtsikana anakumbapo mmodzi wonenepa, n'kuthamanga naye kunyumba akuyembekeza kutamandidwa. Amayi ake, mkazi wamfupi wa dzanja lofulumira, anamulandira ndi mbama ya pakhutu. Kenako anamukoka kubwerera naye kudziwe, n'kumukwiriritsa chibumacho monga anachipezera, kabowo kali kumwamba.

"Wodya mbewu amadya adzukulu ake," anatero mayiwo, akumupukuta misozi ndi chitenje chomwecho chimene ankapukutira khasu.

Pomwalira sanamusiyire mbuzi kapena wailesi. Anamusiyira kakhasu kothetheka, munsi wakale, ndi mthunzi umenewo.

Mwamuna wake, Gideon, anali msodzi wa mumtsinje, wa bwato ndi ukonde, munthu wouma mawu ngati amachita kuwagula kugolosale. Pobwera kudzafunsira anafuna kuonetsa kuti nsomba zonse amazidziwa, ndiye anapisa chala m'chibuma chimene chinali chitathiridwa kale madzi. Chipsera chake chilipo mpaka lero. Tabeth anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anamumanga chalacho ndi kansalu, ndipo anamulola tsiku lomwelo, poti mwamuna wolumidwa chotero osatukwana sapezeka pamsewu. Gideon anamanga nyumba kuchikamwini, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yothira madzi zibuma inakhala yake. Ankati akubwezera chala chake. Ana anabadwa, ena anawaika m'manda ali makanda, awiri anakula n'kupita kutauni. Pakhomo panatsala chitsiriza, Purity.

Ndiye kunabwera 1992, chaka cha chimanga chayelo cha thandizo. Mvula inagwa ngati munthu wolavula malovu. Pa Msikidzi madzi anangolekeza m'akakolo, ndipo mphende sizinabwere. Mvuu zinapirira mpaka misana inang'ambika ndi dzuwa, kenako zinanyamuka mondondozana kulowera kumadzulo, kusiya kanjira kakuya m'dothi. Anthu anati ndi chaka chimodzi chabe, zibwerera. Sizinabwerere. Dzinja lotsatira madzi anasuzumira pang'ono n'kuphwa msanga. Madzinja awiri otsatira sanafike n'komwe. Luangwa naye anali atasintha njira uko, n'kusiya kukamwa kwa kakhwawa kaja kutatsekeka ndi mchenga.

Nyama zinasinthana malo ngati abale ogawana nyumba za womwalira. Nsewula, zimene sizikhala kutali ndi msipu wonyowa, zinapita. M'malo mwake munalowa nswala ndi njiri, zokonda pouma. Pakati pa dziwe, pomwe Tabeth ankasambira ali mwana, panamera timitengo ta minga. Nkhwazi inasiyira akhwangwala mtengo wake. Njovu, zimene kale zinkangodutsa patali, zinayamba kulowa m'mudzi kudzathyola mango aawisi ndi kugumula zitsime zimene amayi ankafukula mumchenga. Gideon kumtsinje ankabwerako ndi timilamba towonda. Mcheni, iye ankati, watsikira kumunsi kukafuna madzi akuya.

Njala ilibe manyazi. Anthu anakumba dziwe lonse mpaka linaoneka ngati munda wa mbatata wokololedwa. Mthunzi wokha ndi umene sanaukhudze, ndipo tisanamizane kuti ankalemekeza makolo. Ankaopa Tabeth, amene ankakhala pamenepo ndi munsi pamiyendo, pakamwa pake pomveka mpaka kusukulu.

Mu Okutobala wa 1995, dzuwa lili pamutu ngati chitsulo cha mbaula, Purity anabereka mwana wamwamuna. Mwamuna wake Sydney ankanyamula zikwama za alendo ku bwalo la ndege ku Mfuwe, ndipo kumudzi ankafika mwa apo ndi apo. Pansi pa nkhokwe panalibe chibuma chopatulidwa, poti panalibe chopatula. Mkaka wa Purity unkangodontha. Mwanayo ankayamwa, kusiya, kulira, kuyamwanso, kulira kwake kukucheperachepera.

Tsiku lina Tabeth ali pamthunzi paja, kunatulukira Festus, mng'ono wake wa Gideon, womata matayala a njinga, munthu amene pakamwa pake sipanaonepo loko.

"Mwaswera bwanji, mlamu wanga, mlonda wa matope?"

"Taswera, kaya inu osowa chochita."

"Chochita ndili nacho, ndabwera kudzakuthandizani kukumba. Mdzukulu akulira ngati kamphaka uko, inu mwakhalira ndiwo ngati nkhuku yofungatira mazira oola."

"Festus, pakamwa pakopo pakufunika chigamba kuposa matayala umamatawo."

"Chigamba ndimata mawa, mlamu. Lero tandiyankhani. Madzi anafika liti pano komaliza? Nainte-firii! Mbewu yanuyo mukuti idzamera m'fumbi?"

Tabeth anadzutsa munsi, Festus n'kuthawa akuseka. Koma mawu a chitsiru nthawi zina amalowa ngati munga wa kuphazi: pobaya sumva, umamva poyenda.

Madzulo ake anatengera Purity kaphala kamadzimadzi. Anaima pakhomo akuyang'ana mwana wake, mafupa a m'khosi ali poyera, khanda lili pabere lopanda kanthu.

"Amama, musandiyang'ane choncho," anatero Purity. "Sindinakupempheni kanthu."

"Ndani wanena kuti wapempha?"

"Maso anuwo. Agogo anasiyira inu mthunzi uja kuti muusunge. Ine ndimwa phala."

Tabeth anatuluka n'kukalalatira nkhuku zosalakwa kuseri kwa nyumba, kuti asamveke kuti akulira.

M'mawa mwake anapita pa Msikidzi, osati kukalondera koma kukafunsa. Anagunda pa kabowo koyamba, khutu pansi. Zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu kanayankha, koma motsitsa, ngati wodwala woyankha moni. Anayenda ndi mawondo mthunzi wonse, ndipo mabowo osayankha anachuluka kuposa oyankha. Pamapeto pake anatenga kakhasu ka amayi ake n'kukumba pa bowo limodzi losayankha, koyamba chilandirireni mbama ija. Chibuma chinasweka chokha m'manja. M'katimo munali dowe wodzipinda bwinobwino, mchira kumaso, wouma gwa, wopepuka ngati chitsononkho, nyerere zikutuluka m'maso mwake.

Anakhala pansi naye pamiyendo. Zaka zonsezi ankathamangitsa anthu, osadziwa kuti wakuba weniweni ndi dzuwa. Mbewu ya amayi ake inali kufera pogona pomwepo, mmodzimmodzi, iye ali pamwamba ndi munsi wake. Chilimwe china chimodzi, pa Msikidzi sipadzatsala woyankha.

Atadzutsa maso anaona kanjira ka mvuu kaja, kokwiririka pang'ono koma kooneka. Mvuu sipita kopanda madzi. Anamanga chitenje m'chiuno, kutenga munsi, n'kukatsata.

Kanjirako kanamudutsitsa m'nkhalango ya tsanya yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, anyenje akulira mpaka m'makutu kuwawa. Dzuwa litafika paliwombo anamva fungo la matope onyowa, kenako mawu amene sanawamve zaka zitatu: nkhwazi. Anatulukira pa khota lakale la Luangwa, limene mtsinje unalidula posintha njira n'kulisiya lokha ngati uta. Asodzi ankangolitcha kuti Khota. Pakati panali patatsala madzi obiriwira, mvuu zitapanikizana momwemo. M'mbali munali matope akuda ndi kamsipu, nsewula zili mbwee kudya.

"Ndiye kuno n'kumene munathawira osatsanzika!" anakuwa Tabeth. Mvuu imodzi inamuyankha ndi mphuno.

Anazungulira matope ouma a m'mphepete akugunda ndi kumvetsera. Palibe anayankha. Khotalo linali nyumba yatsopano. Onse a miyendo ndi a mapiko anali atasamukiramo, koma dowe alibe miyendo yotsatira mvuu. Iye amadikira madzi pomwe anamusiya, ngakhale madziwo ataiwala njira.

Atafika kunyumba anapeza Gideon akusoka ukonde.

"Atate ake Purity, mawa mundibwereke njinga yanu ndi msana wanu. Tikukumba pamthunzi."

Gideon anaimitsa singano. "Tikuphika?"

"Tikusamutsa."

Gideon anayang'ana kukanyumba ka Purity, kumene kunkamveka kakulira kaja, n'kuyang'ananso mkazi wake. Anapinda ukonde n'kupita kukapopa matayala.

Kutacha anakumba. Oyankha anapezeka anayi basi, pamthunzi pomwe kale ankang'ung'udza ngati msonkhano wa chipani. Ndipo dowe ali m'dothi sungadziwe wamkazi ndi wamwamuna, ndiye mwa anayiwo panalibe woti uyu ndi wapadera. Tabeth ankakumba mozungulira, pang'onopang'ono, thukuta likugwera pakhasu.

"Amama," anatero osadzutsa mutu, "mbama yanu ndidzailandira ndikadzafika kumeneko. Lero ndisiyeni."

Zibuma zitatu anazikhazika m'madengu oyalamo udzu, n'kuzimangirira pa njinga ndi malegeni, chachinayi Tabeth anasenza pamutu. Njira inadutsa pa mtengo pomwe Festus ankamatira matayala, ndipo panali anthu.

"Patukani, patukani, ambulansi ikudutsa!" anakuwa Festus. "Achimwene, mwasanduka dalaivala wa nsomba? Mlamu, odwalawo mwawalipirira bedi?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Mayi wina anati mokweza, kuti amveke, "Ndiwo zikupita kutchire, mwana akufa ndi njala m'nyumba." Tabeth anangolimbitsa khosi pansi pa dengu.

Njinga sinakwereke, inali yokankha. Mumchenga matayala ankamira, Gideon n'kumakoka ngati bulu, Tabeth kumbuyo akulalata kuti asagwedeze. Cha m'ma leveni koloko anamva nthambi zikuthyoka kutsogolo. Njovu zinali zitaima pakanjira penipeni, zikusenda makungwa, zosafulumira ngati zalipira msonkho wa msewu. Awiriwo anabwerera pang'ono n'kutula katundu pansi pa mvunguti. Anadikira, anadikira. Potsiriza Tabeth anati akasuzumire ngati zasuntha, n'kunyang'ama kupita kuchulu chimene chinali chapatsogolo.

Pobwerako anapeza Gideon atagwada pa dengu limodzi, chigubu chawo cha madzi akumwa chili chozondoka m'manja. Chibuma chinali chakuda ndi madzi, chitang'ambika pakati, ndipo mumng'alumo mchira unkagwedera.

"Atate ake Purity! Mwachita chiyani?"

"Ndinaona ngati akupsa. Dzuwali."

"Akupsa! Wagona zaka ziwiri pansi pa dzuwa lomweli, lero ndiye apse chifukwa wakwera njinga?"

"Nsomba ndi madzi, amake Purity. Ndimati ndimupepuze."

Zimene zinatuluka m'kamwa mwa Tabeth pamenepo sizilembeka. Anatukwana bwato lake, ukonde wake, chala chake cholumidwa chija, ndi tsiku limene anamumanga kansalu m'malo momusiya dowe amalize dzanja lonse. Ngakhale njovu zinaona kuti pano sipokhala, zinanyamuka. Gideon anangoti zyoli, akupukuta matope pamutu pa dowe ndi chala chachikulu, mosamala kuti asalumidwe kachiwiri.

Anafika ku Khota dzuwa litapendeka. Tabeth anaima m'mphepete ndi dowe wodzukayo m'dengu, akuyang'ana madzi. Ng'ona zinali ndandanda pamatope, kukamwa yasa. Adokowe a mitu ya dazi ankayendayenda m'madzi osaya ngati akuluakulu a maliro, akutola chilichonse chogwedera. Dowe wake anali wowonda, wofooka ndi tulo ta zaka ziwiri, wosatha n'kudzipinda komwe. Kumuponya mmenemo kunali kungodyetsa mbalame. Kumukwirira sikukanatheka, poti wodzuka sagonanso.

Anamusiya m'dengu n'kuyamba ntchito ya atatu otsalawo. Anasankha pansi pa mtengo wa mchenja, pamatope ouma pomwe madzi a dzinja adzayambire kufika, kutali ndi njira za mvuu. Gideon ndi amene anakumba maenje, ndipo anawakumba bwino, oyenerana ndi chibuma chilichonse. Anazitsitsa ngati akugoneka makanda, kabowo kali kumwamba, n'kutsekera m'mbali ndi dothi losalala. Kenako anadula nthambi za minga n'kuphimba pamwamba kuti njiri zisafukule. Tabeth anagunda pang'ono pa lililonse, khutu pansi. Onse atatu anadandaula.

"Dandaulani," anawauza. "Kwanu kulibenso madzi. Kuno ndi kwanu tsopano."

Gideon anaviika chitenje m'madzi obiriwira aja, onunkha ndowe za mvuu, osamweka ngakhale ndi galu, n'kukulunga dowe wachinayi. Ananyamuka ulendo wobwerera.

Tabeth ankayenda kumbuyo, mkwiyo ukuphwa pang'onopang'ono ngati dziwe la mu Ogasiti. Ankayang'ana msana wa mwamuna wake, malaya atamatirira ndi thukuta louma, miyendo ikukokeka. Chichokereni pamvunguti munthuyu sanamwe kanthu, poti madzi onse anathera pachibuma. Ndipo atayamba kuganiza za chibumacho, zinthu zinayamba kumubwerera chimodzichimodzi. Madzi aja sanakhuthulidwe mwaphuma pamwamba. Anathiridwa cham'mbali, pang'onopang'ono, monga amathirira munthu wodziwa kuti dothi limwe. Ndipo pa zibuma zinayi, chonyowacho chinali chaching'ono kuposa zonse.

"Atate ake Purity."

"Ee."

"Zaka thate mwakhala mukuthira madzi zibuma pansi pa nkhokwe yanga."

"Ndakalamba, amake Purity. Ndimaiwala."

"Ndipo poiwalapo munasankha kakang'ono."

Njinga inalira kwiyo, kwiyo, mumchenga. Gideon sanacheuke. Anayankha akukankhabe njinga, mawu ake okhakhala ndi ludzu.

"Amayi anu akadzakufunsani, mudzati anali mkamwini wopusa uja. Amandidziwa kale."

Tabeth anapatuka n'kupita pa mtengo wa bwemba umene unali m'mbali mwa njira, kugenda ndi munsi mpaka zinagwa zingapo. Anasenda imodzi n'kumuika mwamuna wake m'kamwa ndi dzanja lake, ngati mwana.

"Iyamweni, malovu abwere," anatero. "Mukafera panjira ndani akankhe njinga?"

Dowe uja anamuphika yekha, ndi kamchere basi. Purity ataona mbale anadzidzimuka.

"Amama, mwakumba mbewu chifukwa cha ine?"

"Mbewu ili ku Khota. Uyu ndi ntchito ya atate ako ndi chigubu chawo. Imwa usanazizire, usandiyambe."

Purity anamwa, misozi ikugwera mumsuzi. Kaya unali msuziwo, kaya anali mango amene njovu zinasiya n'kupsa masabata otsatira, kaya ndi kathumba ka ufa kamene Sydney anabwera nako, zimenezo akatsutsane anamwino. Chodziwika n'chakuti mkaka unabwera, mwanayo anayamba kulira mokweza ngati agogo ake aakazi, ndipo anamutcha Anock.

Koma mtima wa Tabeth unali usanakhale pansi. Mvula ya chaka chimenecho inabwera yamphamvu. Pa Msikidzi panangoima zithaphwi zimene zinauma sabata isanathe, poti kakhwawa kanali kotsekeka. Njira ya ku Khota inamira, ndipo miyezi yonse ya dzinja kunali kosafikika. Kodi atatu aja anadzuka? Kodi madzi sanawakokolole? Nanga ngati onse anali amuna? Festus sankalephera kufunsa akakumana pachitsime, "Mlamu, odwala anu aja atumiza moni?" Tabeth ankamuyankha zomuyenera, koma pobwerera kunyumba ankayenda mwakachetechete.

Chilimwe cha 1996 chitakhwima, dothi litang'ambika, ananyamuka: Tabeth ndi munsi wake, Gideon ndi chigubu, Purity ndi Anock kumsana. Ku Khota nthambi za minga zija zinali zitapita ndi madzi kalekale, ndipo pansi pa mchenja panali posalala ngati sipanakumbidwepo. Tabeth anagwada pomwe ankakumbukira, n'kugunda, khutu pansi. Zii. Anasuntha, kugundanso. Zii. Anakwawa uku ndi uku, mawondo akusupuka.

"Amama," anaitana Purity chapansipansi, ataima kumapeto kwa mthunzi. "Nanga timabowo iti n'ta chiyani? Ta nyerere?"

Tabeth anapita chokwawa. Tinali timabowo tating'ono ngati tolowa phesi la udzu, tomwazikana ponseponse pamene matope anaumira komaliza. Anagunda mopepuka, ngati akugogoda pakhomo pa wodwala, n'kutsamiritsa khutu. Pansipo panamveka kamawu kowonda, kokwiya, ngati kamwana kolandidwa bere. Pambali pake kena kanayankha. Kenako, chapatali pang'ono pafupi ndi muzu, panamveka kung'ung'udza kwakukulu, kwa nkhalamba imene anaidziwa mawu.

Anakhala pansi m'fumbi, miyendo tambalale, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, monga anachitira tsiku la chala lija. Alipo onena kuti ana a adowewo anabwera okha ndi madzi a Luangwa. Anene. Sanali pamenepo, ndipo sanasenze dengu.

Atapuma anapatsa Purity munsi. "Gunda iwe. Osati ngati ukusinja, pang'ono. Tsopano gwada." Purity anagwada, Anock ali kumsana akukoka duku, ndipo atamva kung'ung'udzako maso ake anatuzuka ngati a kamtsikana.

"Wamva? Kuyambira muzu uwu mpaka pomwe pathera mthunzi, sipakumbidwa. Festus akabwera ndi khasu, munsi ndi umenewo."

Gideon anaona kuti mkazi wake milomo yauma. Anayandikira mwakachetechete, akutsegula chigubu. Tabeth anangomva kulira kwa chitsekero, n'kutembenuka ngati walumidwa.

"Inu! Ndi chigubu chanucho, kaimeni uko padzuwa!"

Gideon anabwerera m'mbuyo mpaka kunja kwa mthunzi, n'kuima pamenepo ndi chigubu chake, akumwetulira. Tabeth anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kumutsatira kukamwera komweko.